Zomwe ku America ankati ndi zakumlengalenga, amalume anga anangoti ndi sansi

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata kuti nane ndiyankhuleko. Ine si wolemba ayi, ndine munthu wongomvera nyimbo basi, nde mundikhululukire kalatayi ikatalika chifukwa nkhaniyi ndakhala nayo kukhosi nthawi yaitali. Chandiutsa ndi tsamba lanu la zamsangulutso. Ndimaliwerenga sabata ndi sabata ndipo sikuti ndikunyoza, koma taonani mmene nkhani ya chimbale chatsopano imalembedwera: woyimba wakuti watulutsa chimbale, muli nyimbo zakuti, wajambulira ku situdiyo yakuti, akakhazikitsa Loweruka pamalo pakuti, pakhomo ndi ndalama zakuti, mwini wake wati anthu ayembekezere zakupsa. Nkhani yathera pompo. Sindinaonepo pomwe mtolankhani wanena kuti ine ndakhala pansi ndamvera chimbale chonse, nyimbo yachitatu ng'oma zake zandigwira mtima, yachisanu ndi ulesi wokhawokha, yomaliza akanangoisiya. Chimbale chimalembedwa ngati chilengezo cha ukwati.

Ndikufuna ndikuuzeni za chimbale china cha kunja, mwina mumvetsa pomwe pakundiwawa.

Kumayambiriro kwa 2012, nthawi ija magalimoto ankagona pa mzere kudikira mafuta, ine ndinkagwira pa kashopu kobena nyimbo ku Limbe, kaja ka kompyuta imodzi, mpando wa pulasitiki ndi sipika yoyang'ana kumsewu. Ntchito yanga inali kuthira nyimbo mu memole khadi, munthu akuti ndiikireni za Lucius, wina akuti gospel yokhayokha, wina Lil Wayne. Nde mnzanga wina atabwerako ku Joni anandisiyira hard drive yake kuti ndikopere zomwe ndikufuna, ndipo mkatimo munali kafoda kolembedwa Shabazz Palaces, Black Up. Nditaika, sipanathe mphindi imodzi ndinazimitsa, ndimaganiza kuti fayilo yafa kapena yagwidwa vayirasi. Besi ikulira ngati sipika yang'ambika, ng'oma zikugwa pomwe sukuyembekezera, munthu akurapa ngati akukunong'oneza ali kuchipinda china. Mayi wina yemwe ankadikira khadi yake anandiyang'ana nkuti achimwene, kompyuta yanuyi isandiwonongere nyimbo zanga. Ndinachisiya chimbalecho miyezi.

Ndinabwererako usiku wina magetsi atathima, foni ili ndi moto pang'ono, mahedifoni kukhutu, palibe china chochita. Apo mpomwe chinandilowa. Ndi nyimbo 10 zokha ndipo sichikwana ndi mphindi 40 zomwe, koma nyimbo imodzi imatha kusintha kawiri katatu isanathe, biti yomwe wayamba kuizolowera amangoichotsa ngati akukulanda mbale usanakhute, nkubweretsa ina yoti sikugwirizana nkomwe ndi yoyamba, kenako ukamvera kachitatu umapeza kuti zimagwirizana. Kolasi yoti uziimba nawo ndi yochita kusaka. Mayina a nyimbo nde musanene, ena ndi ataliatali ngati mutu wa kalata ya kukhoti, pa sikirini ya foni yanga ya mabatani ija ankangoyenda osatha.

Eni ake ndi anthu awiri a mumzinda wa Seattle ku America. Wina ndi Ishmael Butler, ndipo amene anali achinyamata m'ma 90 amudziwa ngati Butterfly wa gulu la Digable Planets, lija linkasakaniza rap ndi jazz nkupata Grammy mu 1994. Gululo litatha cha m'ma 1995 mkuluyu anakhala ngati wazimirira, anayesako zina koma sizinamveke kwambiri. Nde mu 2009 ku Seattle kunangotuluka ma EP awiri, zimbale zazifupi za nyimbo zochepa, opanda chithunzi cha munthu, opanda dzina lodziwika, woyimbayo akudzitchula kuti Palaceer Lazaro, atolankhani akamufuna sankapezeka wamba. Taganizani, munthu wa Grammy m'nyumba kubisa dzina dala kuti anthu amve nyimbo kaye osati mbiri yake. Kuno munthu akangosankhidwa kupikisana nawo pa mphoto, olo asapambane, amazilemba pa positala mpaka imfa. Amene ankadziwa mawu ake anamuzindikira ndithu, mawu sabisika, koma mfundo yake inamveka. Kenako kampani ya Sub Pop inawatenga, ndipo izi zinadabwitsa anthu chifukwa Sub Pop ndi ya magitala, ndi yomwe inatulutsa chimbale choyamba cha Nirvana mu 1989, ndipo Shabazz Palaces linali limodzi mwa magulu oyamba a hip hop kusaina kumeneko. Black Up inatuluka mu June 2011, Butler ali ndi zaka zodutsa 40, msinkhu womwe kuno timati rapa asiye zibwana ayambe gospel kapena ndale.

Tsono apa mpomwe pali nkhani yanga. Chimbale ngati chimenechi wailesi zikuluzikulu sizikanachikhudza. Chaka chomwecho ndi chomwe Jay-Z ndi Kanye West anatulutsa Watch the Throne, Lil Wayne anagulitsa makope pafupifupi 1 miliyoni a Tha Carter IV sabata yoyamba yokha, Drake nayenso anali pakalikiliki. Pakati pa njovu zimenezi anthu awiri oimba zosavinika akanangopondedwa osamveka ndi kulira komwe. Chomwe chinawanyamula ndi olemba. Pitchfork, tsamba la pa intaneti lolemba za nyimbo, inachipatsa 8.8 pa 10 nkuchiika m'gulu la nyimbo zatsopano zabwino koposa, pa Metacritic pomwe amaphatikiza mamalikisi a olemba osiyanasiyana chinadutsa 80 pa 100, ndipo chaka chikutha chinapezeka pa mindandanda yambiri ya zimbale zapamwamba za 2011. Ndi chifukwa cha zolembazo chinafika mu hard drive ya mnyamata wogwira ntchito yochapa magalimoto ku Joni, nkudzathera pa kashopu ka ku Limbe. Palibe DJ anachiimba kuti chifike kwa ine, anachiyendetsa ndi anthu omwe anakhala pansi, kumvera, nkulemba.

Zoti 8.8 zo ine zimandiseketsa pang'ono, sindinama. Nanga 0.2 yotsalayo kuti ikwane 9 inagwera pati, pa ng'oma iti? Nyimbo si mayeso a JCE. Koma bola iwo anamvera.

Nditayamba kuchikonda ndinkati ndikapeza tindalama ndilowa mu intaneti cafe kukawerenga zomwe analemba, chizungu chake chovuta, dikishonale pambali. Ndipo ndinaona kuti ambiri akuyenda njira imodzi. Akuti nyimbo zakutsogolo, nyimbo zakumlengalenga, rap ya zaka zomwe sitinafike, akutchula Afrofuturism, akutchula Sun Ra uja wa jazz yemwe ankati kwawo ndi ku Saturn. Wina akalemba za nyenyezi mnzake nayenso nyenyezi, ngati nkhosa pachipata. Ine ndinakhulupirira, ndinkayenda nazo monyada kuti ndikumvera zinthu zoti anthu wamba ubongo wawo sungakwanitse, mukudziwa matama a unyamata.

Amene anandichotsa chimbenene ndi amalume anga.

Kwathu ndi ku Nsanje, ndipo amalume anabwera ku Blantyre kudzaonetsa maso kuchipatala nde anagona kwa ine masiku angapo m'kachipinda kanga kamodzi. Munthu wamkulu, sukulu analekeza sitandade 3, chizungu chake ndi gudumoning'i basi. Madzulo ena ndikuphika nsima pambaula ndinaika chimbalechi pa kasipika, pansipansi kuti ndisawasokoneze. Nyimbo yoyamba sanalankhule, anangokwinya nkhope. Yachiwiri, An echo from the hosts that profess infinitum, imayamba ndi timawu ngati ta ana tokhotakhota, ngati kaseti yomwe yatafunidwa ndi wailesi, nde amalume anati mphwanga, chinthu chakochi batire yatha. Ndinaseka. Koma chapakati pa nyimboyo zonse zija zimangoti zii, nkutsala kachida kamodzi kakulira kokha, tizitsulo tikuthamangitsana. Amalume anali atagona chagada pamphasa, anadzuka nkukhala tsonga. Anati tabweza. Ndinabweza. Anatambasula manja ngati agwira kanthu, zala zamanthu ziwiri zikusewera m'malere, kenako anati iyi ndi sansi iyi, ndani ameneyu, ndi wa ku Tete? Ndinati ayi amalume, awa ndi a ku America. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati ku America kulibe munthu angaimbe chonchi, ameneyu anayamwira. Nsima inapserera tsiku limenelo.

Ndipo akulu aja sananame. Munthu wachiwiri wa gululi, yemwe ine ndinkangomudumpha powerenga, ndi Tendai Maraire, amamutchanso Baba, ndipo ndi amene ankaimba ng'oma ndi mbira. Ndikati mbira musaganize kanyama koweta kaja akonzi, kwa anzathu a ku Zimbabwe mbira ndi chida chomwe ife timati sansi kapena kalimba. Bambo ake anali Dumisani Maraire, katswiri wa ku Zimbabwe yemwe anapita ku Seattle mu 1968 kukaphunzitsa nyimbo pa University of Washington, ndipo magulu a marimba omwe ali mbwee kuchigawo chimenecho cha America mpaka lero ambiri mizu yawo ndi mkulu ameneyu. Anamwalira mu 1999. Mlongo wake wa Tendai ndi Chiwoniso Maraire uja, mayi wa mbira yemwe anatisiya mu 2013 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo nayenso anaimbapo m'gulu la rap ku Harare lotchedwa A Peace of Ebony. Ndekuti kusakaniza mbira ndi rap m'banja limeneli si zachilendo, ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku.

Chomwe chinandiimitsa mutu ndi ichi. Mbira yomwe bambo Maraire anatchuka nayo ndi ya tizitsulo 15 yotchedwa nyunga nyunga, yomwe ankaphunzitsa pa Kwanongoma College ku Bulawayo komwe iwo anaphunzira. Ndipo chidacho sichinabadwire ku Bulawayo, anachibweretsa pakolejipo ndi Jeke Tapera kuchokera dera la Tete ku Mozambique, kwa Anyungwe. Tete yomweyi timadutsa pa basi popita ku Joni, yomwe agogo athu ankawoloka wapansi kukaona abale. Nde amalume pofunsa kuti ndi wa ku Tete, munthu woti Seattle sanaimvepo chibadwire, anaponya mwala pafupi kuposa ma digiri onse aja ndinkawerenga ku cafe. Chigwa cha Zambezi ndi cha Shire ndi khonde limodzi, sansi za Asena, Amang'anja ndi Anyungwe ndi zapachibale.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuchimva mwina chimbale chonse. Tengani besi yonjenjemera ija, yomveka ngati sipika yang'ambika. Kwa wolemba wa ku New York limenelo ndi phokoso la makina, la mafakitale, la dziko lomwe likubwera. Koma aliyense amene anaonapo sansi ya kumudzi akudziwa kuti mwini wake amakhomerera dala tizitsekerero ta mabotolo kapena tizigoba ta nkhono pa chikho kuti chizilira zzzz, ndipo ukazichotsa amati chidacho chafa, chilibe mchere. Pa ulimba chimodzimodzi, zikho za pansi zija amaziboola nkumatapo kanthu kopyapyala kuti mawu azinjenjemera. Ife mawu oyera mbee sitinawakondepo, tinachita kuphunzitsidwa ndi makwaya ndi ma keyboard. Tengani nkhani yoti nyimbo zake zilibe vesi ndi kolasi zooneka, zimangozungulira kenako nkutembenuka mwadzidzidzi. Nanga pabwalo zimatani? Ng'oma zimazungulira pamalo amodzi mpaka wa mbalule aone kuti wovina wasintha phazi, basi nkutembenuza, palibe amawerenga kuti takwanitsa mabaa 16. Munthu woti anakulira pafupi ndi bwalo kusintha kwa chonchi sikumudabwitsa, chomwe chimamudabwitsa ndi nyimbo yoyenda mzere umodzi ngati sitima kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndisaname, sindikunena kuti chimbalechi ndi chathu, kapena kuti olemba aja anali mbuli. Muli jazz wambiri, muli funk, muli makina omwe amalume sanawaonepo, muli mawu a atsikana awiri a THEESatisfaction omwe ndi a Seattle yeniyeni, ndipo mavesi a Butler akukamba za moyo wa munthu wakuda ku America, za ufulu, za ma rapa ogulitsa ulemu wawo chifukwa cha ndalama, zinthu za kwawo. Zakumlengalengazo mwini wakenso amazikonda, mu 2017 anatulutsa zimbale ziwiri tsiku limodzi zokamba za mlendo wochokera ku dziko lina wotchedwa Quazarz. Ndipo mbira ankaitchula ndithu m'zolemba zawo, sikuti anaibisa. Koma mmene ndinkawerengera ine, ambiri ankaitchula ngati kachitsulo kokometsera, ngati tsabola wowaza pamwamba, chiganizo chimodzi basi nkubwerera kwa Butler ndi nyenyezi zake. Zoti mwina kamangidwe ka nyimbo zonsezo kali ndi fungo la chida chimenecho, sindinakumane nazo kawirikawiri. Si mlandu wawo kwenikweni, munthu umamva ndi makutu omwe unakula nawo. Funso langa ndi loti ife eni makutu enawo tinali kuti? Tendai yekha anachita kuyambitsa gulu lina ndi Hussein Kalonji, Chimurenga Renaissance, komwe za ku Zimbabwe zinabwera kutsogolo osabisala.

Ndipo poti ndikupempha kuti anthu azilemba chilungamo, nane ndinene changa. Black Up si chimbale chopanda banga. Pali malo pomwe Butler amazama mpaka umakayika ngati iye mwini akudziwa chomwe akunena, mawu okoma kukhutu koma ukawafinya mulibe madzi. Mayina a nyimbo aja ena ndi matama chabe, munthu ungathe kukhala wozama ndi dzina la mawu awiri. Ndipo pali nyimbo imodzi kapena ziwiri pomwe biti yabwino kwambiri amaidula isanakhwime, ngati akuopa kuti tingasangalale mopitirira muyeso. Chimbale chotsatira cha 2014, Lese Majesty, cha nyimbo 18, olemba anachiyamikiranso koma ine chinandilemera, utsi unachuluka kuposa moto. Mwina wina anganditsutse, ndipo ndi zomwe ndikufunazo, kuti pakhale pokanganirana.

Chinanso chomwe mbiri ya Butler imandiphunzitsa ndi choti msika ndi olemba sayendera limodzi nthawi zonse. Digable Planets itapata Grammy ija inatulutsa chimbale chachiwiri, Blowout Comb, mu 1994, cholemera, chandale, chopanda nyimbo yoti ana aziimba mumsewu. Sichinagulidwe ngati choyamba ndipo posakhalitsa gulu linabalalika. Lero chimbale chomwecho anthu ambiri odziwa hip hop amachiika pamwamba pa choyamba chija, mpaka chinadindidwanso patapita zaka pafupifupi 20. Chinapulumuka chifukwa panali anthu ena omwe sanasiye kuchikamba. Zikanakhala kuno chikanathera mu katoni pansi pa bedi la mwini wake, mphemvu zikuswerana.

Tsono ndibwere pakhomo. Mwana wa achemwali anga ali ndi kagulu ndi anzake awiri kuno ku Bangwe, amajambulira m'chipinda chogona, matiresi atatsamiritsa pazenera kuti phokoso la njinga za kabaza lisalowe, mayiki yobwereka, laputopu yoti ukaichotsa kumoto imazima pompo. Anapita kumudzi nthawi ya tchuthi nkukajambula pa foni agogo ena akuimba ulimba, amayi akusinja pamtondo, ngakhale kulira kwa chigayo, nkudzaziduladula kupanga ma biti. Amarapa m'Chichewa chosakaniza ndi Chisena, za lendi, za abambo awo omwe anapita ku Joni osabwerako, za madzi osefukira. Zina mwa nyimbozo ndi zosapsa, ndinawauza pamaso, koma ziwiri zitatu zinandiimitsa tsitsi. Anatengera nyimbo kwa DJ wina pa wailesi ina, sinditchula, anaimvera masekondi osakwana 30 pa foni nkuti mafana izi nde ziti, sizovinika izi, kapangeni amapiano mubwere. Mnzake pambali nkuwonjezera kuti achepetse fodya wamkulu. Ana oti olo ndudu sagwira. Anabwera kunyumba nkhope zili pansi, ndipo pano wina mwa iwo wayambadi kukopera ma biti a ku South Africa chifukwa akuti ndi zomwe zikuyenda.

DJ uja sindikumuda kwambiri, ntchito yake ndi kuvinitsa anthu ndipo nyimbozo sizovinikadi. Ku Seattle nakonso sindikhulupirira kuti Black Up ankaiika pa ukwati. Kusiyana kwake nkoti kumeneko mwana akakanidwa ndi wailesi pali khomo lina logogoda, pali munthu wa cholembera yemwe ntchito yake ndi kumvera zomwe wailesi yataya nkuuza anthu kuti imani kaye, apa pali kanthu. Kuno khomo limenelo kulibe. Wailesi ikakukana, nyuzi imadikira kuti utchuke kaye, ndipo kuti utchuke ukufunika wailesi yomweyo. Nde mwana wa luso lachilendo amasankha pakati pa kusiya kapena kufanana ndi anzake, ndipo tikatero timadandaula kuti nyimbo za pa Malawi zilibe chizindikiro, aliyense akungoimba ngati wa ku Lagos kapena ku Pretoria.

Komanso tili ndi kamatenda kodikira kuti akunja ayambe ndiwo kuyamikira. A Kachamba a kwa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald, amene analemba za luso lawo mozama ndi kuwatengera kunja ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna. Madalitso Band anyamata aja anayenda ndi babatoni wawo m'misewu ya Lilongwe zaka ndi zaka anthu akuwaponyera makobili ngati opemphetsa, atakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 nkuyamba kuzungulira ku Ulaya mpomwe tonse tinayamba kuti ndi athu, ndi athu. Babatoni yemweyo, nsapato zomwezo. Ndimaopa kuti tsiku lina mzungu adzatola nyimbo za ana a ku Bangwe aja pa intaneti, adzalemba kuti ndi zakumlengalenga, nkuzipatsa 8 ndi kadontho, ndipo pamenepo mpomwe tsamba lanu lidzawaike pachithunzi chachikulu. Pomwe wolemba wathu akanamva msanga kuti uwu ndi mtondo wa ku Nsanje, ndipo akanadziwanso kusiyanitsa pomwe anawo agwiritsa bwino ntchito ulimba ndi pomwe angoupachika ngati chokongoletsa.

Ena adzati Chichewa chilibe mawu olembera zoterezi, zimafuna chizungu. Bodza limenelo. Khalani pa bawo kapena pa shopu yometera tsitsi nyimbo yatsopano ikamalira mumve mmene anthu amaisenda: ng'oma zikupolokozana bwino, mawu akumira, wavesi wachiwiriyu wangoperekeza, besi yadya mawu, apa wathamanga, apa walasa. Amalume anga aja atamvera kachigawo ka sansi kaja kasanu anati dzanja lamanzere la mnyamatayu ndi lofatsa, lamanja ndi lamwano. Ndiuzeni ngati pali wa Pitchfork angalembe chiganizo choposa chimenecho. Mawu tili nawo, chomwe chikusowa ndi malo papepala, ndi mtima woti woyimba akakwiya chifukwa mwamuuza kuti nyimbo yachisanu ndi ulesi, inu musapepese. Poti vuto lina ndi limenelo, dziko lathu ndi laling'ono, wolemba ndi woyimba amamwera malo amodzi, mawa akumana pa maliro, nde aliyense amangoti zili bho, zili bho. Komanso mafani ake pa Facebook akhoza kukutukwana mpaka agogo ako, akuti ndi nsanje, iweyo unaimbapo chani. Ndikudziwa si zophweka.

Pempho langa ndi laling'ono akonzi. Theka la tsamba, olo kamodzi pamwezi. Munthu mmodzi atenge chimbale chimodzi, achimvere katatu kanayi, osati pa minibasi koma atakhala pansi, nkulemba m'Chichewa chomwe wamva, zabwino ndi zoipa zomwe, osafunsa manijala wa woyimbayo kuti tilembe zotani. Mamalikisi olo musaike, za 8.8 zo tiwasiyire eni ake. Ndipo chisamakhale cha otchuka okhaokha, otchukawo ali kale ndi ma bilibodi. Mwezi wina tengani cha ana osadziwika omwe akupanga zoti inu nomwe poyamba muganiza kuti fayilo yafa. Nthawi zina mudzapeza kuti yafadi, palibe kanthu, ndi phokoso chabe la anyamata osafuna kuphunzira kuimba, ndipo mudzalembe choncho momwemo, zimenezonso zimathandiza.

Amalume anabwerera ku Nsanje ndi nyimbo ija pa memole khadi, anandiuza kuti ndiwaikire imodzi yokhayo, zinazo akuti ndi za anthu odwala mutu. Azakhali ankandiuza pa foni kuti amangoibweza pamalo amodzimodzi mpaka batire kutha, kenako nkutuma mwana kukatchajitsa kumsika. Anamwalira zaka zingapo zapitazo ndipo sansi yawo inatsala ndi ine, tizitsulo tiwiri tinathyoka ndipo sindidziwa kuimba. Mwana wa achemwali uja ndi amene anaitenga mwezi watha, akuti akufuna aijambule momwemo ndi kuthyoka kwakeko.

Nyimbo zisanu ndi ziwiri za ana a ku Bangwe aja zili pa flash, ndili nayo m'thumba. Ngati pali mtolankhani wanu yemwe ali ndi mahedifoni ndi ola limodzi, mungondiuza tsiku ndibweretsa ndekha ku ofesi, ya minibasi ndilipira ndekha.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Bangwe, Blantyre